Telesikopu ya 70mm: ndingaone nayo chiyani kwenikweni?

Nsangwe7

Moni nonse. Ndili ndi telesikopu yaing'ono ya lenzi kutsogolo, ndipo pachubu palembedwa D=70mm, F=700mm. M'bokosi munali timalenzi titatu toikapo diso, ka 25mm, ka 10mm ndi ka 4mm, komanso kachubu kolembedwa Barlow 3x. Pabokosi alemba kuti imakulitsa ka 525. Mwezi ndauona, koma ndikaphatikiza ka 4mm ndi Barlow zonse zimangochita mbuu, ndipo chinthu chikangolowa m'diso chimathawa ndisanachione bwino. Nyenyezi nazo sizikukula, zikungokhala timadontho. Kodi vuto ndi chipangizochi kapena ndine? Mphete za Saturn ndingazione? Nanga milalang'amba yamitundumitundu ija timaiona pazithunzi?

Mlonda_wa_Usiku

Takulandirani. Chipangizo chanu chilibe vuto, chakusokeretsani ndi nambala ya pabokosi ija.

Mphamvu ya telesikopu ili pa kutakata kwa lenzi yakutsogolo, 70mm ija, chifukwa ndiyo imasonkhanitsa kuwala. Mwanadiso wa munthu akatseguka kwambiri mumdima amafika pafupifupi 7mm. Lenzi yanu ndi yotakata ka 10 kuposa pamenepo, ndiye kuti imasonkhanitsa kuwala kochuluka ka 100. Kukulitsa kumachokera pa kalenzi ka kudiso: gawani 700 ndi nambala yolembedwa pakalenziko. Ka 25mm kakupatsani 28, ka 10mm kakupatsani 70, ka 4mm kakupatsani 175. Mukachulukitsa 175 ndi 3 ya Barlow mupeza 525 ya pabokosi. Masamuwo ndi oona, koma lenzi ya 70mm siingakupatseni chithunzi choti chikulitsidwe mpaka pamenepo. Malire ake ndi pafupifupi kawiri kutakata kwa lenzi, kutanthauza 140, ndipo apo ndi pa usiku umene mpweya wadekha. Mukapyola pamenepo mukungotambasula kuwala kochepa komweko pamalo aakulu, ndiye chithunzi chimada n'kuchita mbuu monga mwaoneramo. Ka 4mm kabwezereni m'bokosi. Barlow mungayese ndi ka 25mm kokha, zipereka 84.

Kuthawa kwa chinthu kuli ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, dziko likuzungulira, ndipo thambo limaoneka kuti likusuntha digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Pa 28 mumaona kachigawo ka thambo kotakata pafupifupi madigiri awiri, choncho pulaneti limatenga mphindi ngati 7 kuti lidutse. Pa 70 limatenga mphindi zosakwana 3. Pa 525 ndi masekondi ochepa chabe. Muzizolowera kukankha chubu pang'onopang'ono kulondola chinthucho.

Chachiwiri ndi finder, kachubu kakang'ono kolozera kamene kamakhala pamsana pa chubu chachikulu. Oyamba ambiri amakasiya osakawongola, ndiye amatha usiku wonse akusaka. Kawongoleni masana, kutali ndi mbali imene kuli dzuwa. Ikani ka 25mm, lozani chinthu chosasuntha chimene chili patali, mamita 500 kapena kuposa, monga nsonga ya mtengo wa magetsi. Chiikeni pakati penipeni pa telesikopu yaikulu, mangani choimikira kuti chisasunthe, kenako potokolani timabawuti ta finder mpaka mtanda wake ugwere pa chinthu chomwecho. Bwerezani ndi ka 10mm kuti zilondoloke bwino. Usiku yambani nthawi zonse ndi ka 25mm, chinthu chikakhala pakati m'pamene musinthe.

Za nyenyezi musadandaule. Zili kutali kwambiri moti zimakhalabe timadontho ngakhale m'matelesikopu aakulu. Nyenyezi ikaoneka ngati mpira waukulu, ndiye kuti fokasi yasokonekera. Tembenuzani kagudumu ka fokasi mpaka kadonthoko kachepe kotheratu, pamenepo ndiye pabwino.

Tsopano Mwezi, umene ndikuona kuti simunaumalize. Anthu ambiri amauyang'ana uli wathunthu, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa. Dzuwa limakhala likuomba molunjika, mithunzi palibe, zonse zimangoti mbee. Yang'anani pamzere wolekanitsa mbali yowala ndi yamdima. Pamenepo dzuwa likungotuluka kumene kapena likulowa, ndipo phiri lililonse limaponya mthunzi wautali wakuda bii. Mzerewo umasuntha usiku uliwonse, ndiye malo amene muona lero si amene muone mawa.

Patatha masiku 5 kapena 6 mwezi utakhala, funani maenje atatu ogundizana, Theophilus, Cyrillus ndi Catharina. Pa 70 muona kaphiri pakati pa Theophilus, ndipo muona kuti khoma lake linadya mbali ya Cyrillus, umboni woti ndilo linabwera pambuyo. Mwezi ukafika theka, tsiku la 7 kapena la 8, mapiri a Apenninus amaoneka atapinda m'mphepete mwa chidikha chakuda cha Mare Imbrium, nsonga zina zitawala zokha mkati mwa mdima ngati timakala ta moto. Pafupifupi tsiku la 8 pamaoneka kamzere kakuda kowongoka ngati kojambulidwa ndi lula, kotchedwa Rupes Recta. Ndi mthunzi wa phompho lalitali makilomita pafupifupi 110, ndipo dzuwa likakwera umazimiririka. Kenako kumabwera Plato, dzenje la pansi posalala pakuda, ndi Clavius, lotakata makilomita oposa 200, lokhala ndi timaenje tina mkati mwake tondondozana kuyambira kakakulu kutsikira ku kakang'ono. Tsiku la 9 kapena la 10 ndi la Copernicus, wa makilomita 93, wa makoma okhala ngati masitepe. Mwezi wathunthu uli ndi chimodzi chokha chabwino: mizere yoyera yochokera pa dzenje la Tycho, yoyenda mtunda wautali kwambiri.

Mwezi uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 384,400, ndipo chinthu chaching'ono kwambiri chimene lenzi yanu ingasiyanitse kumeneko ndi cha makilomita 3 kapena 4. Dera la Mare Tranquillitatis kumene Apollo 11 inatera mu 1969 mulipeza mosavuta, koma mbendera kapena chombo ayi.

Chitsulo_cha_Kumwamba

A Mlonda afotokoza bwino za Mwezi, ine ndiyankhe za mapulaneti. Mphete za Saturn muziona ndithu. Pa 28 pulaneti limaoneka losongoka mbali ziwiri, osati lozungulira. Pa 70 mphete zimasiyana bwino ndi mpira wake. Konzekerani kuti ndi kakang'ono kwambiri, ngati kanjere kamene mwakagwira mutatambasula mkono, koma kakuthwa mochititsa kaso. Kapendekedwe ka mphetezi kamasintha pa zaka pafupifupi 29 ndi theka zimene Saturn amazungulira dzuwa. Mu Marichi 2025 zinali chammbali kwa ife, zooneka ngati kamzere, ndipo zikutseguka pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 2032. Mpata wakuda wa pakati pa mphete, umene Giovanni Cassini anauona mu 1675, ndi wovuta pa 70mm. Umafuna mphete zotseguka bwino ndi mpweya wodekha. Kadontho kamene kali chapafupi ndi Titan, mwezi wake waukulu, umene umazungulira masiku 16.

Koma pulaneti lopindulitsa kwambiri pa chipangizo ngati chanu ndi Jupiter. Ngakhale pa 28 muona miyezi yake inayi itandanda pamzere umodzi: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe ija Galileo anaiona mu 1610 ndi telesikopu yochepa mphamvu kuposa yanu. Io amazungulira m'masiku osakwana awiri, Callisto m'masiku pafupifupi 17. Jambulani papepala pamene ili nthawi ya 8 koloko, mubwerenso 10 koloko, mupeza yasuntha. Tsiku lina muona itatu yokha chifukwa wina wabisala kuseri kwa Jupiter kapena akudutsa kutsogolo kwake. Pa 70 mikwingwirima iwiri yofiirira ya mitambo imaoneka yodutsa pakati pa mpira wake, ndipo mpirawo ndi wophwanthira pang'ono chifukwa umazungulira msanga, maola osakwana 10. Banga lofiira lotchuka la pa Jupiter, limene ndi namondwe wamkulu wa m'mitambo yake, musaliyembekezere tsiku loyamba. Limakhala mbali yathu maola ochepa okha, ndipo pa lenzi yaing'ono limaoneka ngati kachibowo kotumbuluka m'mphepete mwa mkwingwirima.

Nthanda, imene ndi Venus, imasintha maonekedwe ngati Mwezi, nthawi zina theka, nthawi zina kachikwakwa kopyapyala. Pamwamba pake simuona chilichonse chifukwa ndi yokutidwa ndi mitambo. Iyang'aneni kusanade kwenikweni, popeza mumdima imathobwa m'maso. Kamzere kofiirira kapena kobiriwira m'mphepete mwake si vuto la pulaneti, ndi khalidwe la lenzi zotere, zimene sizisonkhanitsa mitundu yonse ya kuwala pamalo amodzi.

Mars ndiye amakhumudwitsa ambiri. Nthawi zambiri ndi kadontho kofiira basi. Amayandikira dziko kamodzi pa miyezi 26, ndipo ulendo wotsatira ndi mu Febuluwale 2027. Pamenepo, pa 100 kapena kuposerapo, mutha kuona kachisoti koyera ka ayezi kumapeto kwake ndi kabanga kakuda kamodzi kapena awiri. Uranus ndi kadontho kobiriwira pang'ono, Neptune simungamusiyanitse ndi nyenyezi popanda mapu. Pulogalamu yaulere ya Stellarium, pafoni kapena pakompyuta, ikuuzani pamene aliyense ali usiku umenewo.

Chimene chimaononga mapulaneti kwambiri ndi mpweya. Pulaneti likakhala m'munsi pafupi ndi mapiri kapena madenga, kuwala kwake kumadutsa mpweya wochuluka wotakasika, ndipo limaoneka ngati mwala wa pansi pa madzi oyenda. Dikirani likwere madigiri 30 kapena kuposa. Chibakera chanu mutatambasula mkono ndi madigiri pafupifupi 10, ndiye zibakera zitatu kuchokera pamene thambo lakumana ndi dziko. Musayang'anire pamwamba pa denga kapena konkire imene yatentha tsiku lonse, ndipo musayang'anire pazenera, ngakhale lotsegula, chifukwa mpweya wofunda wa m'nyumba umatulukira pomwepo. Tulutsani telesikopu panja mphindi 20 kapena 30 musanayambe kuti izizire mofanana ndi kunja. Ndipo khalani pansi, diso likhale pakalenzi mphindi zingapo. Mpweya umadekha kwa sekondi imodzi kapena awiri, chithunzi n'kuthwa mwadzidzidzi, kenako n'kusokonekeranso. Amene amangosuzumira n'kuchoka saziona zimenezo.

MayiMlalang'amba

Funso lanu lomaliza lija ndiliyankhe mosabisa: mitundu ya pazithunzi simuiona, ngakhale mutagula telesikopu yaikulu kasanu. Kamera imasonkhanitsa kuwala kwa mphindi kapena maola ambiri, pamene diso limaona za nthawi yomweyo. Komanso mumdima diso limagwiritsa ntchito timaselo tina timene timamva kuwala kofooka koma sitisiyanitsa mitundu. Choncho milalang'amba ndi mitambo ya mpweya ya m'mlengalenga zimaoneka zotuwa, ngati kautsi. Ine ndimaona kuti zimenezi sizichepetsa kanthu, popeza kautsi kameneko ndi kuwala kwenikweni kumene kwayenda zaka zikwizikwi n'kudzathera m'diso lanu, koma ndi bwino kudziwiratu.

Pa zinthu zofooka zotere, mdima ndi wofunika kuposa chipangizo. Sankhani usiku wopanda Mwezi, kutali ndi magetsi. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi mwabwerera poyambira. Gwiritsani ntchito tochi yophimbidwa ndi pulasitiki yofiira. Chinthu chikafooka, musachiyang'ane mwachindunji, yang'anani pambali pake pang'ono koma maganizo ali pa icho, chifukwa timaselo tija tachuluka m'mbali mwa diso osati pakati. Kugogoda chubu pang'ono kumathandizanso, diso limagwira msanga chinthu chogwedezeka. Zonsezi ndi ka 25mm.

Yambani ndi gulu la nyenyezi la Orion, madzulo a Disembala mpaka Marichi. Pezani Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, ndipo chakummwera kwake pali kamzere kena ka tinyenyezi tofooka. Pakati pa kamzereko pali M42, mtambo umene nyenyezi zatsopano zikubadwiramo, pamtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 1,350. Pa 28 umaoneka ngati mbalame yotambasula mapiko. Sinthani muike ka 10mm, ndipo mkatikati mwake muona tinyenyezi tinayi tothinana, totchedwa Trapezium. Nsangwe, zimene mwadzitcha dzina lakezo, maso amaziona 6 kapena 7, koma pa 28 ndi makumi angapo, zoyera mobiriwira, zongokwanira mothinana m'kalenzi.

Ngati muli kummwera kwa equator kapena kufupi nayo, muli ndi mwayi waukulu madzulo a Epulo mpaka Julayi. Pafupi ndi nyenyezi yachiwiri kuwala ya mtanda wakummwera, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, pali kagulu kotchedwa Jewel Box, ndipo apa mitundu muiona: nyenyezi imodzi yofiirira pakati pa zoyera. Chapafupi pali Omega Centauri, mpira wa nyenyezi mamiliyoni ambiri, waukulu pathambo ngati Mwezi wathunthu. Pa 70mm umaoneka ngati mpira wa thonje wotuwa, ndipo mukayang'ana chammbali m'mphepete mwake mumachita ngati mchenga. Mbali inayo ya mtandawo kuli mtambo wa Eta Carinae, wogawika ndi kanjira kakuda. Kumapeto kwa chaka funani mitambo iwiri ya Magellan, timilalang'amba tiwiri tooneka ndi maso ngati timitambo totuwa: pafupi ndi waung'ono pali 47 Tucanae, mpira wina wa nyenyezi, ndipo mkati mwa waukulu muli Tarantula, mtambo wa mpweya. Amene ali kumpoto kwambiri izi saziona, koma ali ndi mpira wa nyenyezi wa M13 mu Hercules ndi magulu awiri ogundizana a mu Perseus. Juni mpaka Seputembala ingoyendetsani telesikopu pang'onopang'ono mu Mlalang'amba cha ku Scorpius ndi Sagittarius, mukumana ndi kagulu ka nyenyezi ka M7 ndi mtambo wa mpweya wa M8 osachita kuzisaka.

Mlalang'amba wina wosavuta ndi Andromeda, M31, madzulo a Okutobala mpaka Disembala. Muona pakati pake pokha, kautsi kotalikirapo mbali imodzi, opanda mikono yopindika ija. Kuwala kumeneko kunanyamuka zaka pafupifupi 2.5 miliyoni zapitazo.

Ndipo musanyoze nyenyezi zapawiri, chifukwa zimenezi sizisamala za Mwezi kapena magetsi a m'tauni. Alpha Centauri, imene maso amaiona imodzi, pa 70 imagawika ziwiri zowala kwambiri, ndipo ndizo zoyandikana nafe kuposa nyenyezi zonse zooneka ndi maso kupatula dzuwa, zaka 4 ndi miyezi ingapo za kuyenda kwa kuwala. Acrux, yowala kwambiri pamtanda wakummwera, nayo ndi ziwiri zothinana. Albireo mu Cygnus ndi yosavuta ngakhale pa 28, ina yagolide ina yabuluu.

Mlonda_wa_Usiku

Ndiwonjezere chimodzi chimene palibe wachitchula, ndipo ndi choopsa. Musaloze telesikopu kudzuwa, ngakhale kwa sekondi imodzi. Lenzi yomwe ija yosonkhanitsa kuwala ka 100 imaotcha mkati mwa diso, ndipo mbali imeneyo siimva ululu, munthu amazindikira zitaonongeka kale. Ngati m'bokosi muli kagalasi kakuda kolembedwa Sun komangirira pa kalenzi ka kudiso, katayeni. Kamakhala pamalo pamene kutentha konse kwasonkhana ndipo kamasweka mwadzidzidzi. Magalasi akuda ovala, filimu kapena galasi lodetsedwa ndi utsi sizoteteza. Chovomerezeka ndi sefa yopangidwira dzuwa yophimba lenzi yonse yakutsogolo, yomangidwa zolimba kuti mphepo isaichotse, ndipo finder ikhale yotsekedwa kapena yochotsedwa. Ndi sefa yotero mawanga akuda a padzuwa amaoneka bwino pa 28. Masana musasiye telesikopu panja pamene pali ana.

Nsangwe7

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Finder ndaiwongola ndipo Jupiter ndamupeza ndi miyezi yake. Zatsala zitatu. Zinthu zikuoneka zotembenuka, kumanja kukhala kumanzere, ndipo mu finder zili chadodolido. Ndikangokhudza kagudumu ka fokasi chithunzi chimanjenjemera nthawi yaitali. Komanso patatha ola limodzi lenzi inachita nkhungu. Ndiipukute ndi nsalu?

Chitsulo_cha_Kumwamba

Kutembenukako ndi mmene zimakhalira. Lenzi imazondotsa chithunzi, ndipo kagalasi kopinda kamene kali kumbuyo kwa chubu kamachiimika koma kumanja ndi kumanzere kumasinthanabe. Finder ilibe kagalasi kotero, n'chifukwa chake zili chadodolido. Kumwamba zilibe kanthu, kungoti mapu a Mwezi azikusokonezani poyamba. Mu Stellarium mutha kutembenuza chithunzi kuti chifanane ndi chimene mukuona.

Kunjenjemerako ndi vuto la choimikira, ndipo pa matelesikopu aang'ono ndicho chimakhala chofooka kuposa lenzi. Gogodani chubu muwerenge: kukapyola masekondi 3 chisanadekhe, chikufunika chithandizo. Musatambasule miyendo yonse, ifupikitseni ndipo inu mukhale pampando. Limbitsani mabawuti onse a miyendo ndi a thireyi ya pakati. Mangirirani botolo la madzi la malita awiri pakati pa miyendo, lilendewere pafupi ndi pansi. Imikani pa dothi kapena pa udzu, osati pa matabwa. Bawuti yokwezera ndi kutsitsira chubu isamangidwe kwambiri kapena kumasuka kwambiri. Ikamasuka, chubu chimagwa pang'ono mukachisiya, ndiye muziloza pamwamba pang'ono pa chinthucho kuti chikatsika chigwere pakati.

Nkhunguyo ndi mame. Galasi loyang'ana kuthambo limazizira kuposa mpweya wozungulira, ndiye chinyezi chimakhalapo. Musapukute, chifukwa fumbi lili pagalasi limakanda utoto wopyapyala wa pamwamba pake. Kupewa kwake, kulungani katoni kapena siponji yopyapyala yakuda kutsogolo kwa chubu, itulukire masentimita 15 mpaka 20, ndipo pamene simukuyang'ana lozani chubu pansi. Timalenzi ta kudiso tisungeni m'thumba la jekete. Mukamaliza, lowetsani telesikopu m'nyumba osaivundikira, iume yokha, m'mawa m'pamene muitseke. Mukaitseka yonyowa, nkhungu yeniyeni imamera pagalasi ndipo imavuta kuchotsa.

Apa ndisiyane pang'ono ndi a Mlonda pa malire a 140 aja. Ndi oona papepala, koma pa choimikira chopepuka ine ndinganene 100 mpaka 120. Ngati mudzafuna kuwonjezera kalenzi kamodzi, ka 6mm kapereka 117, ndipo kwa Saturn ndi Jupiter pamenepo ndi pokwanira. Musanagule yezani kukamwa kumene kalenzi kamalowa: ngati ndi mainchi 1.25, pafupifupi 32mm, timalenzi ta mtundu wa Plössl tilowa, ndipo timaonetsa malo otakata ndi akuthwa kuposa tija tolembedwa H kapena SR timene timabwera m'bokosi. Ngati ndi mainchi 0.965, pafunika kachipangizo kolumikizira kaye.